Tsiku Limene Alamu Anga Anadzisudzula Okha

Alamu anga a Alufeyo, amuna awo a achemwali anga a Sabina, anali munthu wosataya chinthu. Ndikuti kusataya! Anadulira tiyi kuesiteti zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo tsiku lililonse ankabwera ndi kanthu kotola m'njira: chitini cha parafini chobooka, mpini wothyoka, waya, tayala long'ambika, madengu othyolera tiyi otha kunsi. Ukawafunsa, yankho linali limodzi: "Chidzagwira ntchito tsiku lina."

Tsiku linalo silinafike. Pofika 1978, m'nyumba ya zipinda ziwiri ija munthu ankalowa chammbali ngati nkhanu. Zenera linatsekeka ndi masaka. Kudya kunali pakhonde, ngakhale kunja kuli chiperoni, poti m'katimo eni ake anali makoswe ndi zitini. Ine zinkandinyansa, sindibisa.

Kwathu kuno kufupi ndi Chitakale mwamuna amakhala chikamwini, pamudzi pa mkazi wake. Ndipo aliyense ankadziwa kuti mkazi akatopa nawe sachulutsa mawu. Umangopeza katundu wako ali panja, basi banja latha, uziona njira.

Loweruka lina m'chilimwe, alamu atapita kumsika kukagula mchere, achemwali anandiitana. "Estele, tandithandiza titulutse zinthuzi, ndikufuna ndizire. Zaka khumi pansi pano sindinapaone." Tinatuta mpaka msana kuchita kuphwanya, mulu n'kutalika kuposa nkhokwe. Kenako iwo anatenga dengu kupita kudambo kukakumba dothi lozirira, ine n'kutsala pamthunzi.

Posakhalitsa alamu anatulukira akukankha njinga. Ataona mulu uja anangoima njii.

"Mlamu, ndalakwanji ine?" anafunsa.

Apo ndinayenera kunena zoona. Koma Mulungu andikhululukire, ndinayang'ana mulu uja, ndinaganiza zoti madzulo tiulowetsenso wonse ndi msana womwewu. Ndinangoti, "Kaya, alamu. Ine ndangotumidwa."

Anakhala pachitini n'kugwira kumutu. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kulira ngati wamva za maliro! Chisoni chinandigwira, koma pakamwa ndinatseka ndithu. Kwawo kunali ku Milonde, ndipo njinga imodzi sikananyamula phiri lonselo, ndiye anayamba kusankha. Bulangete, khasu, chikwanje chawo chodulira tiyi, Baibulo, ndi khadi la chipani m'thumba, poti popanda ilo sakanapita patali. Atatha anaimirira n'kukuwa: "Abale, bwerani mutenge, muzidzandikumbukira!"

Ha! Mudzi wonse unakhamukira. A Lyson okhoma zidebe anatuta zitini zonse akuchita kuvina. A Thomson anakunkhuniza matayala kuti akapange nsapato. Ine ndinatenga beseni, ndisaname. Chodabwitsa, pogawapo alamu anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. "Tengani waya uyu, a Thomson, wakudikirani zaka zisanu!" Chilichonse chochoka ankachiperekeza ndi mbiri yake, anthu n'kumafa nacho chiseko.

Achemwali anafika dothi lili pamutu. Anapeza bwalo lili mbee, amuna awo atavala jekete la kutchalitchi, kamtolo katamangidwa pakeliyala.

"Ulendo wa kuti, bambo a Lily?"

"Kwathu. Si mwandisudzula?"

"Wakusudzulani ndani? Ine ndimafuna kuzira!"

Onse awiri anacheukira kwa ine. Ine maso anali pabeseni langa, kuona ngati silikudontha.

Achemwali anatula dengu n'kuseka mpaka kukhala pansi. Anthu ena anachita manyazi, n'kuyamba kubweza zomwe anatenga, koma alamu anasuzumira m'nyumba, anaona dzuwa likulowa pazenera, n'kutambasula manja pakhomo. "Iyayi! Chabwerera pano ndichitentha!" Kuyambira tsikulo ankaweruka kuntchito manja ali lendelende, akuimba mluzu, mpaka kupuma ntchito kwawo. Ine anandinyanyalira sabata imodzi yokha. Beseni ndikadali nalo.

Koma chimene sindiiwala n'chakuti, achemwali pomasula kamtolo kaja, m'bulangete munagwa kapu yachitsulo yosupuka m'milomo. Inali imene achemwali anawamwetsera thobwa tsiku lomwe alamu anabwera kudzawafunsira. Kuseka kunathera pompo.

"Pa zonse zija, munasankha iyi?"

"Zinazo ndinkangotola," anatero alamu. "Iyi munandipatsa ndinu."

Tinazira atatu, alamu atavula jekete. Pansi patauma anayala mkeka, n'kudyera m'nyumba koyamba pa zaka khumi. Malo anali mbwee, koma ndinawaona atakhala mogundana maondo.