Mthuthuthu wopanda wondigwirira

Amake Chisomo, lero mwakwanitsa zaka ziwiri mutatisiya. Ndinafuna kubwera kumanda kwanu ku Mposa pa mthuthuthu wathu wakale uja, umene ana akuti ndigulitse kwa ogula zitsulo, ndiye ndinati ndiyambe ndaona oyilo wa mugiyabokosi. Mukuudziwa khalidwe lake. Munthu amamasula kabawuti ka m'mbali n'kumathira pang'onopang'ono mpaka oyilo atayamba kudontha pabowopo. Koma mthuthuthuwo uyenera kuima chilili, chifukwa ukapendekeka umanama. Sitandi yapakati inathyoka kalekale, ndiye sitandi munali inu. Ndikukumbuka tsiku limene munagwira mahandulo manja ali ufa wokhawokha. Oyilo atadontha munati, “Basi aphunzitsi, wakwana.” Ine ndinatseka kabawuti n'kuonjezera wina. “Iyayi, si mafuta a ndiwo amenewo,” munatero. Sindinamve. Oyiloyo anadontha ulendo wonse wa ku Ntaja, mpaka anadetsa chitenje chanu cha kutchalitchi. Titatsika munangondionetsa bangalo.

Lero ndautsamiritsa pamtengo wa mango, ndauchirikiza ndi njerwa, koma ukupendekekabe. Ndinapezeka ndanena kuti “gwirani bwino” ndili ndekha pabwalo. Anthu oti n'kuwaitana alipo muno mu Balaka, koma mtima sunafune manja ena pamahandulo amenewo. Ndathira, ndasiya, ndathiranso, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati wakwana. Mundikhululukire, ndibwera mawa pa minibasi. Wondiuza kuti basi palibenso.