Dzinja Limene Amayi Analeka Kundisambitsa

Sopo wa amayi sanali wokongola. Chinali chigulumwa chakuda, chokhakhala, chonunkha utsi, ndipo chinkakhala m'phale pa tsanja la kuseri kwa nyumba yathu, pa chitunda cha kumtunda kwa msika wa Nkhata Bay. Mvula ikachiwaza chinkafewa n'kuyamba kutuluka thukuta la mafuta. Anzanga amene bambo awo ankatumiza sopo wa m'sitolo kuchokera ku Joni ankandiseka kuti ndimasambira dothi. Bambo anga nawonso anali ku Joni, koma anapita ndili kumsana, ndipo sankatumiza sopo ngakhale kalata.

Amayi ankamupanga okha sopoyo. Ankayanika makoko a nthochi mpaka aume gwa, n'kuwatentha. Phulusa lake ankaliika mu mphika woboola kunsi n'kuthiramo madzi kuti adonthe ngati chidulo. Madziwo ankawawiritsa pamodzi ndi mafuta a nsatsi, akutakasa ndi mthiko wakewake umene sunkaloledwa kufika pa chakudya. Ntchitoyi inkatenga tsiku lonse. Akazi a asodzi ankabwera ndi usipa kudzasinthitsa ndi sopo, chifukwa ankati amachotsa fungo la nsomba m'manja ndiponso amapha zipere m'mitu ya ana.

Loweruka lililonse amayi ankandikhazika pa mwala, n'kundipanira pakati pa maondo awo. Ankapaka sopo m'manja mwawo kaye mpaka thovu la bulauni lituluke, kenako n'kulilowetsa m'tsitsi langa ndi zala zolimba ngati akusenda chinangwa. Sopo wosaphika ndi makina amaluma. Pamene pali kachilonda amapapeza, ndipo ine ndinkakuwa. "Ukamva kuluma uzithokoza," ankatero amayi m'Chitonga chathu, osaleka kutikita. Akatha ankandidzoza mafuta kuti khungu lisatuwe, n'kundipesa tsitsi ndi chipeso cha mtengo. Ndinkadana ndi kusambako, koma ndinkakonda zimene zinkatsatira: kutsamira pa mimba yawo, maso ali psuu chifukwa cha sopo, ndikumva mpweya wawo pa liwombo panga.

Lolemba aphunzitsi ankatiimika pa mzere kuti aone zikhadabo, makutu ndi tsitsi. Kawirikawiri ankandikokera kutsogolo n'kunena kuti, "Taonani mwana wochokera m'nyumba yaukhondo." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ulemu wanga wonse unali pamenepo.

Dzinja la chaka chimenecho mvula inagwa osapumira, moti zovala zinkachita nkhungu pa chingwe. Akuluakulu ku tchalitchi ankakangana za ndale za Chitaganya, boma la azungu lophatikiza maiko atatu, koma kwathu kunalowa nkhani ina imene panalibe woitchula. Loweruka lina amayi anatenga mpeni n'kudula sopo pakati. Theka lina analiika m'phale latsopano n'kulikankhira kwa ine ndi kamtengo.

"Wakula tsopano. Uzisamba wekha."

Ndinayesa. Thovu linandilowa m'maso, tsitsi la kunkhongo linatsala louma, ndipo amayi anaima patali, manja atapinda kumbuyo, akungondiuza malo amene ndasiya. Sabata yomweyo anandipatsa mbale yangayanga ndi chikho changachanga. Mphasa yanga anaisamutsira ku chipinda cha matumba a makaka a chinangwa. Ndikathamanga kuti ndiwakumbatire pobwera kusukulu, ankabwerera mmbuyo n'kunena kuti ali ndi phulusa m'manja. Ndinafufuza m'mutu mwanga tchimo limene ndinachita. Ndinakumbukira kuti ndinabapo mango a aneba, ndinapita kukaulula, koma amayi anangoti ndisadzabwerezenso, osandimenya n'komwe. Ndikunena zoona, ndinkalakalaka khofi lawo.

Iwo anayamba kusamba katatu pa tsiku. Tsiku lina ndinasuzumira pa mpanda wa bafa ndipo ndinaona akukhula mkono wamanzere ndi chigulumwa chenichenicho, osati thovu, mpaka magazi kuyenderera. Pamwamba pa chigongono panali banga lotuwa, lalikulu ngati tsamba la mpiru, ndipo lina linali pa phewa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sankatsinzina. Sopo amene ankandiliza ine pa kachilonda ka minga, iwo ankamupaka pa nyama yofiira nkhope ili zii, ngati mkonowo ndi wa munthu wina.

Anayambitsanso kamasewera. Ankandiuza kuti ndivule malaya nditseke maso, iwo n'kumandikhudza ndi nthenga ya nkhuku pa msana, pa masaya, m'miyendo. "Ndakukhudza pati?" Ndinkaloza, ndikuseka chifukwa cha kunyerenyetsa. Ndikalondola malo onse ankapuma mpweya wautali n'kundiuza kuti ndivale. Tsiku lina ndinanamizira kusamva, pofuna kuti masewerawo atalike. Amayi anakhala pansi m'matope. Nditaseka n'kunena kuti ndimanama, anandikalipira ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo. Mpaka lero ndikakumbukira bodza limenelo ndimachita manyazi.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali kalaliki pa doko, ndipo ankadzera kwathu masana akamapita kukadya. Tsiku lina anapeza amayi akuphika sopo. Mphika unapendekeka, madzi owira aja n'kukhuthukira pa dzanja lawo lamanzere. Amayi anapitiriza kutakasa. Ndi amalume amene anakuwa, n'kuwagwira mkono n'kuuviika mu mtsuko. Khungu linali litatupa matuza. Awiriwo anayang'anizana nthawi yaitali, ndipo ine anandituma kukatunga madzi ngakhale mitsuko inali yodzaza. Sindinapite patali. Ndinamva amalume akuti, "Mlongo, sopo sachapa zimenezi." Amayi anayankha kuti, "Nanga mwanayu adzakwatiwa ndi ndani zikamveka?"

Zinamveka ndithu. Akazi a usipa analeka kukwera chitunda chathu. Mmodzi anabweza sopo amene anatenga kale, atamukulunga m'tsamba la nthochi, n'kumusiya pa msewu. Kusukulu makolo ena anakadandaula, ndipo aphunzitsi anandichotsa pakati pa anzanga n'kundiika pa kabenchi ka pakhomo. "Pano pali mpweya wabwino," anatero, maso ali pa bolodi. Lolemba lotsatira, pa mzere, anandidumpha. Sindiwaimba mlandu kwambiri tsopano; anali mnyamata wamantha ngati wina aliyense. Ndi mtsikana wina wa m'kalasi amene anandiuza dzina la nthendayo pa nthawi yopuma, akundiloza ndi chitsononkho cha chimanga: khate. Ndinamumenya, ndipo anathawa akukuwa kuti ndamupatsira.

Amalume anapita nawo amayi kuchipatala. Atabwerako anati pali malo ena kutali, kumwera, kumene odwala otere amakhala n'kumalandira mankhwala, ndipo amayi ayenera kupita pa sitima ya panyanja yotsatira. Masiku otsalawo amayi anaphika sopo wambiri kuposa kale lonse, dzanja litamangidwa sanza. Anandiimika pafupi n'kumandiuza muyeso wa phulusa ndi mafuta, mobwerezabwereza, mpaka ndinatopa n'kuthawira kokasewera.

Sitima inafika m'mawa kukuwaza mvula. Pa doko panali piringupiringu, amtengatenga akukuwa ndi matumba pa mapewa, fungo la nsomba zouma litasakanikirana ndi la mafuta a injini. Amayi anafunda nsalu mpaka m'zala. Anthu otidziwa anatipatsa njira yotakasuka kuposa imene tinkafuna. Nthawi yokwera itakwana ndinaiwala malamulo onse a miyezi itatu ija, ndinatambasula manja n'kuthamangira kwa iwo. Anabwerera mmbuyo msangamsanga, n'kuika mtolo wawo pakati pa iwo ndi ine, pamaso pa anthu onsewo. Mtima wanga unatentha, ndipo ndinakuwa:

"Pitani! Musadzabwerenso!"

Amalume anakweza dzanja kuti andimenye, koma amayi anawaletsa ndi mutu. Ndinatembenuka n'kuyang'ana kumtunda. Sitima inalira, anthu anakweza manja, ine sindinacheuke.

Ndinakulira kwa amalume. Kalata zinkabwera mwa apo ndi apo, zolembedwa ndi dzanja la munthu wina, ndipo funso loyamba nthawi zonse linali la khungu langa. Amalume ankandiuza kuti ndiwonjezere mawu anga kumapeto kwa yankho, ine n'kumakana. Patatha zaka ziwiri kunabwera kalata yaifupi yonena kuti amayi anadwala chibayo nthawi yozizira ndipo anaikidwa komweko. Manda awo sindinawaonepo.

Nditakula ndinafunsa anamwino ambiri. Onse anandiuza chimodzimodzi: nthendayo sigwira munthu mwa kungomukhudza kamodzi kapena kawiri, ndipo mankhwala ake anali atayamba kale kufika m'dziko muno pa nthawiyo. Akanapita msanga m'malo mokhula mkono kuseri kwa mpanda, mwina akanabwerako ndi zala zawo zonse. Akanandikumbatira pa doko paja, sindikanadwala. Miyezi itatu yomaliza imene tinali nayo tinaitaya chifukwa cha mantha a chinthu chimene sichikanachitika.

Chinthu chimodzi ndinachiona ndisanatembenuke tsiku lija, ndipo chinandiwawa kwa zaka zambiri. Nditawauza kuti asadzabwerenso, amayi anamwetulira. Mapewa awo anatsika ngati munthu amene watula katundu. Ine ndinati basi, akondwa kuti andisiya. Sindikanadziwa kuti chimene ankaopa kwambiri m'mawa umenewo chinali mwana wolira, wokakamira nsalu yawo, amene akanawachititsa kugwada n'kumunyamula.