Pulatifomu ya pa Mubuyu

Amayi anga anasiya kukwera sitima chifukwa cha manja a munthu wina. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu a ku Linda akamakamba za pulatifomu yathu amathamangira kuseka atate anga, ngati nkhani yonse ndi yomweyo.

Kuseri kwa komboni yathu ya Linda kuli malo amene sitima yopita ku Simonga ndi kupitirira imaima pang'ono. Kale panalibe kanthu, koma udzu, miyala ya njanji ndi mtengo umodzi wa mlambe, umene kuno timati mubuyu. Sitepe ya bogi inkafika pachifuwa cha munthu wamfupi. Kuti ukwere pankafunika anthu atatu: wokoka pamwamba, wokankha pansi, ndi iwe mwini wopemphera.

Amayi ndi munthu wathupi, ndipo mawondo awo anathera pamsika pogulitsa tomato. Tsiku lina bambo wina wachifundo, wosamudziwa n'komwe, anawakankha ndi mtima wake wonse. Amayi anakwera, koma chitenje sichinakwere, chinatsala m'manja mwa bamboyo. Mwamwayi mkati munali pitikoti. Atabwerako ku ulendowo analumbira pakhomo, ife tonse tikumva.

"Sitima ija sinizakwelanso monga thumba la chimanga. Nikakwela, nizakwela monga munthu."

Tinaseka, koma chaka chotsatira kuseka kunatha. Akulu awo, amene anawalera makolo atamwalira, anadwala kumudzi kupitirira Simonga, kumene galimoto imangotitimira mumchenga. Foni inkalira sabata iliyonse: auzeni abwere. Amayi ankalira akutsuka mbale, koma lumbiro lawo osalimasula. Ine zinkandikwiyitsa koopsa. Munthu ungasiye m'bale wako chifukwa cha chitenje? Koma amayi anga mukawakakamiza ndiye mwawathira simenti.

Basi ndinakadzutsa nkhani ya pulatifomu pamsonkhano wa m'dera. Ndinapeza kuti aliyense ali ndi chilonda chake: uyu anathyoka chala, uyo nkhuku zinamuthawira pansi pa bogi. Komiti inabadwa tsiku lomwelo. Wapampando anali mphunzitsi wopuma, wokonda jekete ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mutu. Ine anandisankha ulembi chifukwa ndine telala, ndiye kuti ndili ndi tepi yoyezera.

Ku ofesi ya njanji tinapondako mpaka alonda anayamba kutifunsa za ana. Potsiriza akuluakulu a njanji anatilola kumanga, natiuza mpata woti tisiye pakati pa khoma ndi njanji, koma anati ndalama tione tokha. Tinagwirizana kuti nyumba iliyonse ibweretse njerwa. Azimayi ankagulitsa vitumbuwa pakhomo la tchalitchi kuti tigule simenti, ndipo amene anadutsa osagula ankayang'anidwa mpaka abwerere. Mwini loji ina yogona alendo anatipatsa matumba angapo, atatijambulitsa kaye tikumwetulira pambali pake. Bambo wina anabwera ndi wilibala yodzaza njerwa zakale, ndipo fungo lake linafika iye asanafike. Zinadziwika kuti chimbudzi chake chinagwa ndi mvula.

"Njerwa ilibe mbiri," anatero wapampando, atagwira mphuno. Tinazilandira.

Titasonkhanitsa zonse, mmisiri anati zingokwana pulatifomu yaifupi, kutalika ngati khonde la nyumba. Ndiye funso lalikulu linali lakuti tiiike pati, kuti chitseko chizifikira pomwepo.

Apa ndi pamene atate amalowa. Iwo anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, kulumikiza mabogi ndi kuimitsa sitima ndi zizindikiro za manja. Pankhani ya njanji palibe ankawatsutsa, ngakhale abusa. Wapampando anawafunsa mwaulemu.

"Bamudala, sitima imaima pati?"

"Pa mubuyu," anatero atate. "Ndendende."

Ine ndinalemba. Ee, ine ndemwe, ndi dzanja langali! Chimene chinatipusitsa n'chakuti tonse tinkadikira sitima pamthunzi wa mubuyu. Ikafika tinkanyamula katundu n'kuthamangira kumbuyo m'maudzu kukafuna chitseko, koma kuthamanga kumeneko palibe ankakuwerengera. M'mitu mwathu siteshoni inali mtengo.

Tinamanga. Pulatifomu inatuluka yokongola, yosalala, yokhala ndi kotsetsereka kuti okalamba asavutike ndi masitepe. Amayi ndinawasokera diresi latsopano, ndipo anadzaza dengu ndi shuga, mabanzi ndi mafuta odzola a akulu awo.

Tsiku lotsegulira kwaya inabwera. Sitima inachedwa, kwaya n'kumaliza nyimbo zonse, n'kuyambiranso. Kenako tinamva kulira kwake. Amayi anaima kutsogolo penipeni, dengu m'manja, chibwano m'mwamba. Sitima inabwera pang'onopang'ono, n'kuima pa mubuyu, ndendende.

Patsogolo pa amayi panaima injini. Mabogi a anthu anali uko, m'maudzu momwe muja.

Dalaivala anatsegula kachitseko kake, n'kuponda pulatifomu yathu ngati nduna. Anayang'ana pansi, anayang'ana kwaya.

"Ah, mwanichitila bwino maningi! Zonse izi ni zanga?"

Kenako mayi wina wa m'kwaya anaphulika, ndipo anthu onse anagwa nacho chiseko. Ine manyazi anandigwira. Wapampando anatembenukira atate, jekete litanyowa.

"Bamudala, ni chani ichi?"

"Munafunsa sitima," anatero atate, osagwedezeka. "Iyi ndiye sitima. Vija va kumbuyo ni mabogi. Mukanafunsa mabogi nikanakuuzani."

Nzoona, kwa munthu wa njanji sitima ndi mutu, zinazo ndi zokokedwa. Koma panthawi imeneyo ndinkafuna kuwameza atate anga amoyo.

Anthu anayamba kuthamangira m'maudzu monga mwa masiku onse. Azimayi awiri anagwira amayi mkono, nati tiyeni, tikukankhani ife akazi anzanu, mofatsa. Amayi sanasunthe. Ndinachita mantha kuti abwerera kunyumba, akulu awo osawaonanso. Koma anayang'ana dalaivala.

"Mwana wanga, ine nabwela pa pulatifomu. Manje iwe bwelesa chitseko."

Dalaivala anakanda mutu. Anakambirana ndi gadi wa sitimayo, n'kunena kuti angathe kusendeza, bola wina amuonetse poima, chifukwa kumbuyo saona bwino. Atate sanadikire kupemphedwa. Anandipatsa chipewa chawo, anaima kumapeto kwa pulatifomu, n'kuyamba kupukusa dzanja monga ankachitira kale. Msana umene unali utapindika kwa zaka unawongoka. Sitima inakwawa, injini inapitirira mubuyu, bogi loyamba linafika. Atate anakweza manja onse awiri, ndipo chitseko chinaima pamapazi penipeni pa amayi.

Amayi analowa okha, phazi limodzi kenako linalo, osagwidwa ndi munthu. Atakhala pawindo anasuzumira kunja.

"Imwe," anatero kwa atate, "mubuyu wanu mukhale nawo."

Anakhala kumudziko masabata atatu. Akulu awo anamwalira amayi ali pomwepo, atawagwira dzanja. Pobwera, dalaivala anaimika chitseko pa pulatifomu popanda womuuza, ndipo mpaka lero amatero.

Tinawalandira ine ndi atate. Dengu linali lopanda kanthu, ndipo atate analinyamula. Titafika pafupi ndi nyumba, amayi anayamba okha kufotokoza. Anati akulu awo anali atasiya kudya ndi kulankhula, koma atamva za injini ndi kwaya ndi dalaivala wothokoza, anaseka mpaka kutsokomola, n'kupempha kuti awafotokozerenso. Anawafotokozera katatu. Kumeneko ndiko kunali kuseka kwawo komaliza.

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, osayang'ana atate.

"Munachita bwino kulakwisa," anatero.

Atate anangosinthira dengu kudzanja lina, n'kutsegulira amayi geti.