Chuku pa Kaseti ya Ukwati Wathu

Mwana wanga Esinati atandipempha kuti ndisamutsire pa diski kaseti ya ukwati wanga ndi malemu amayi ake, ndinaumira. Ku Limbe kunali kodula, ndiye ndinabwereka kamera kwa aphunzitsi ena ku Nguludi, n'kungojambula TV kasetiyo ikusewera. Sindinadziwe kuti galasi la TV limaonetsanso munthu wokhala patsogolo pake.

Ataonera diskiyo, Esinati anaimba foni.

"Ababa, pambali pa amayi pakuoneka chinthu ngati munthu akupukuta m'maso. N'chiyani?"

"Ndi chuku, mwanawe. Kasetiyo ndi yakale."

Anandikhulupirira. Koma chukucho ndinali ine, nditavala vesiti yobooka, ndili ndekha pabalaza, mkazi wanga akuvina osandiona.