Ngolo Yathu ku Khoti la ku Boma

Chaka chimenecho nandolo anabereka kwambiri ku Mbulumbuzi. M'mawa wina ine ndi amuna anga tinapakira matumba pa ngolo, ulendo wa kumsika, iwo kutsogolo ndi chikwapu, ine pamwamba pa katundu. Nkhondo yaikulu inali itatha kale, ndipo magalimoto anali atayamba kuchuluka mumsewu wa ku Zomba.

Hutala sindinaimve. Ndinangomva chiphokoso, kenako ndinapezeka ndili m'ngalande, nandolo ali mbwee mumsewu monse. Galimoto ya mzungu wa ku esiteti inali itatiomba kumbuyo. Ng'ombe imodzi inafera pomwepo, ndipo ngolo inawapsinja amuna anga pantchafu. Mzunguyo anatuluka, nayang'ana kaye nyali za galimoto yake. Atatero anatitengera ku chipatala cha mishoni.

Masisiteri anawaika chikhakha. Fupa linalumikizana, koma mwendo unafupika.

Achimwene anga, amene anali atapitako ku nkhondo, anabwera kudzazonda. Anati, "Alamu, nkhani iyi ipite kukhoti. Kuli chipukuta misozi."

Amuna anga anaseka. "Kusumira mzungu? Bambo anga analima thangata mpaka kufa, sanamuyang'anepo mzungu m'maso."

"Ine azungu ndawaona akulira ngati ana ku nkhondo," anatero achimwene. "Tiyeni."

Tinapitadi ku boma, amuna anga atakwezedwa pa njinga ya achimwene, ine pambuyo wapansi. Nyumba ngati ya khotiyo ndinali ndisanalowemo. Pansi panali poterera, pozizira kumapazi, ndipo munthu ukatsokomola mawu ankabwerera kuchokera kudenga. Woweruza anali mzungu, pambali pake pali womasulira wa jekete loyera.

Ataona ndodo yawo yoyendera, woweruza analamula kuti amuna anga apatsidwe mpando. Kenako mesenjala anaitana mzungu wa ku esiteti uja. Anaimirira, navula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri. Amuna anga ali khale pampando, mzungu ali chilili! Ndinkangodikira kuti wina abwere kudzatiuza kuti talakwitsa malo.

Anandiitana inenso. Womasulira anati, "Mayi, nenani zimene munaona."

"Sindinaone kanthu, bambo. Inatidzera kumsana."

Ndinaganiza kuti ndawononga mlandu. Koma mawu angawo anawatembenuzira m'Chingerezi, woweruza n'kuwalemba. Mawu anga, ine wosadziwa ndi kugwira pensulo komwe. Kenako anafunsa mzunguyo ngati ngoloyo anaiona. Iye anati anaiona mochedwa chifukwa cha fumbi.

"Nanga bwanji simunachepetse liwiro?"

Mzunguyo anayang'ana pansi.

Chigamulo chinali chakuti wolakwa ndi wa galimoto, popeza ndiye ankaona zimene zinali patsogolo pake. Anamulamula kubweza ng'ombe, kukonzetsa ngolo, ndi kulipira mwendo wa amuna anga. Ine sindinkadziwa kuti mwendo wa munthu wa kumudzi boma lingauwerengere mtengo.

Pobwerera tinawoloka mtsinje. Pamenepo amuna anga anauza achimwene kuti aimitse njinga, natsika, n'kukhala pamwala.

"Alamu," anatero, "zija zachitikadi?"

Khasu sanaligwirenso bwino. Ndalama zija anagulira makina osokera, ndipo anakhala telala pakhonde la sitolo mpaka ukalamba wawo, akupalasa ndi mwendo wabwinowo.