Zigubu za a Jafali

A Jafali Mdoka anakulira ku Machinga, m'nyumba momwe chigubu sichinkatayidwa. Chikabooka ankachimata ndi pulasitiki wosungunula, chikatheratu ankachidula pakati kuti nkhuku zizimweramo. Choncho atafika ku Cape Town n'kupeza ntchito pa famu ya ndiwo zamasamba ku Philippi, phiri lotchuka la mumzindawo silinawadabwitse kwenikweni. Chinawaimitsa mutu ndi mulu wa zigubu zolimba, zokhala ndi zotsekera zake, zitangounjikidwa kuseri kwa shedi.

Zinali zigubu za mankhwala ophera udzu ndi mbozi, omwe iwo omwewo ankapopera m'minda ya kabichi. Mwini famu anawauza kuti asazikhudze. A Jafali anavomera ndi mutu, koma mumtima ankangoti anthu akuno ndi owononga. Anatenga zitatu, n'kuzitsuka ndi sopo ndi mchenga, kuziyanika padzuwa, kenako kununkhiza. Kwa iwo, chinthu chikasiya kununkha ndiye kuti chayera.

Akazi awo, a Faridah, anakana kumwa madzi a mmenemo, ati fungo la mankhwala likumvekabe. Ankangochapira basi.

"Mphuno zanuzo n'za apolisi," ankawaseka motero a Jafali, akunyamula kachigubu kakang'ono mwa zitatuzo kupita nako kuntchito. Kankakhala padzuwa tsiku lonse, iwo n'kumamwa madzi ofundawo pang'onopang'ono. Msana ukawawa ankameza mapilitsi awiri a pashopu, mawa lake awirinso. Anatero zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anali munthu wosadwaladwala, wonyadira zimenezo mpaka kutopetsa anzake.

Kenako majombo anayamba kuwathina. Nkhope inkadzuka yotupa, anzawo kumzikiti n'kumati Cape Town yawayanja, anenepa. Iwo ankaseka nawo. Za mkodzo wochita thovu sanauze munthu, chifukwa bambo wamkulu sakamba zotero. Tsiku lina a Faridah anawadina ndi chala pamwendo, ndipo dzenje linatsala pomwepo osabwerera.

"Bambo a Zuhra, kunenepa sikutero. Mawa tikupita kukiliniki, ndipo musanditsutse."

Atawayeza magazi ndi mkodzo, anawatumiza kuchipatala chachikulu. Dokotala wake anali mayi wosathamanga polankhula. Anawafunsa za ntchito, za mapilitsi, za madzi amene amamwa, ndipo atamva za zigubu anaika cholembera pansi. Anawafotokozera kuti impso ndi sefa wa thupi. Magazi onse amadutsamo usana ndi usiku, zoipa n'kutuluka ndi mkodzo. Poizoni aliyense wolowa m'thupi amakafika kumeneko, ndipo pulasitiki imasunga mankhwala ngakhale fungo litatha. Mapilitsi a tsiku ndi tsiku aja, pamodzi ndi thukuta la m'munda, anangowonjezera katundu.

"Mbali yomwe yawonongeka sibwerera," anatero dokotalayo. "Koma yotsalayo ikhoza kukusungani, mukaisunga. Mphamvu ya impso ikapitirira kutsika, mudzafunika makina otsuka magazi katatu pa sabata, ndipo makinawo ndi ochepa. Tidzayezanso pakatha miyezi itatu."

A Jafali anachita mantha enieni, oyamba chibwerere kuno. Munthu wogona pamakina katatu pa sabata sangagwire ntchito ya pafamu, ndipo kumudzi kwawo makinawo kulibe. Anachitanso manyazi, poti a Faridah sananene kuti ndinakuuzani. Anangowapatsira mpeni. A Jafali anaboola zigubu zonse, chimodzichimodzi, nkhope ili ngati akupha mbuzi yobwereka, n'kukazibweza kuseri kwa shedi.

Anapempha mwini famu kuti awachotse kopopera, ndipo anawaika kosamalira mbande. Mapilitsi a pashopu anawasiya, mchere anachepetsa uku akudandaula pa chakudya chilichonse. Madzi ankamwa a m'botolo lomwe akazi awo anagula, lokhala ndi maluwa ofiira. Anyamata apafamu ankaliseka, iwo n'kuwayankha kuti abwere adzaone dzenje la pamwendo. Awiri mwa iwo anakayezetsa.

Miyezi itatu itakwana, manambala osonyeza mphamvu ya impso sanatsike. Dokotala sanalonjeze kanthu, anangoti abwerenso. Anabwera kachiwiri, kachitatu, nthawi zonse mtima uli m'mwamba. Ulendo wachinayi, mayi uja anayang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anamwetulira.

"Chaka chathunthu impso zili pomwepo. Pitirizani zomwe mukuchitazi."

"Nanga makina aja?"

"Asiyireni ena, bambo."

A Faridah anali pabenchi panja, atafumbata chikwama ndi manja onse awiri. Chaka chonsecho sanagwetse msozi pamaso pa amuna awo.

"Ma results akuti bwanji?"

A Jafali anakhala pambali pawo, n'kupuma kaye.

"Akuti ndikalamba. Ndiye konzekani, mundipirira nthawi yaitali."

A Faridah anati Alhamdulillah chapansipansi, anakoka mpango kuphimba nkhope, n'kulira mpaka mapewa kugwedezeka.