Simunamalize za sitironshiyamu

Achemwali anga Tiyamike, lero timagumula sitolo yakale pa boma pa Mwanza. Nditatola chibenthu cha konkire, ndinangokhala pansi. Ndinakumbuka tsiku lija ndinakuperekezani pa siteji, mukubwerera kusukulu kunja. Ndinakufunsani kuti kwenikweni mumaphunzira chiyani. Munatola chibenthu ngati chomwechi n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mmisiri wa nyumba, umva. Zida za nyukiliya zikaphulika mumzinda, poizoni wotchedwa sitironshiyamu amalowerera m'makoma ogumuka. Amafanana ndi kashiamu wa mu simenti, ndiye khoma limamulandira ngati wachibale. Ngakhale mafupa a munthu amatero. Ine ndikufufuza mankhwala omusungunula n'kumupatula."

Ndinafunsa kuti mumamusiyanitsa bwanji, koma kondakitala anali akukuwa kuti minibasi yadzaza. Munati, "Ndidzakuuza pa Khirisimasi." Ndinathamangira kuntchito osadikira n'komwe kuti inyamuke. Pa Khirisimasi tinakulandirani muli m'bokosi. Ndikanakwera nanu mpaka ku Blantyre, bwenzi mutamaliza. Nanga lero ndani andiuze, achemwali, mmene amachotsera chinthu chimene chalowa m'mafupa?